Nangula Adagwira ku Pebane

Dércio adabadwira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa malire, koma adakulira ku Milange, patsinde pa phiri la Tumbine, kumene madzi amene anthu amawadziwa ndi a mtsinje wa Muloza ndi timitsinje totsika m'mapiri. Palibe amene akadaganiza kuti mwana wa mayi Armanda, mlimi wa chinangwa ndi nandolo, adzadyera m'nyanja yamchere. Iye adapita ku Quelimane kukaphunzira umakaniko pagalaja ina, ndipo ntchito ikachepa ankatsikira kudoko kukakonzera asodzi injini. Kumeneko n'kumene adakumana ndi dona Deolinda.

Dona Deolinda adali mayi wachikulire wa ku Maputo, namwino wopuma pantchito, wamfupi, wa imvi zometa mpala. Adali ndi boti la matanga, loyera, lokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati mwake, limene adagula ndi malemu amuna awo. Bambowo atamwalira, ana adawauza kuti aligulitse, iwo adakana. Nyanja ankaidziwa. Chimene chidawathera ndi msana wokokera nangula. Dércio atawakonzera pampu ya madzi, adamufunsa ngati amatha kusambira, iye nayankha zoona kuti ayi. Adamulemba ntchito tsiku lomwelo, ndipo adamuphunzitsa okha kusambira pamadzi olekeza m'chifuwa, ana a asodzi akumuseka.

Miyezi yoyamba adasanza mpaka kuwonda. Kenako thupi lidazolowera, ntchito nayo idamulowa m'magazi. Ankayenda m'mbali mwa gombe osatalikira kwenikweni mtunda, kuchoka ku Quelimane kudzera ku Pebane ndi Moma mpaka ku Angoche, nthawi zina kupitirira. Ankanyamuka m'mamawa, ndipo dzuwa lisanapendeke kwambiri ankakhala atafika pogona, chifukwa dona Deolinda sankalola kuponya nangula pamene maso sakuona pansi. Dércio ankaima kutsogolo kwa boti n'kumayang'ana mtundu wa madzi. Powala mobiriwira pali mchenga, nangula amaluma bwino. Pakuda pali udzu, amaterereka. Pofiirira pali matanthwe, akakodwa pamenepo kumuchotsa ndi ntchito ya tsiku lonse. Akapeza malo ankakweza dzanja, mayiwo n'kuimitsa boti moyang'ana mphepo, iye n'kumamasula unyolo pang'onopang'ono. Pomaliza ankauponda ndi phazi lopanda nsapato. Ukamanjenjemera ndiye kuti nangula akukwekwereka pansi, ayambirenso. Ukangoti nji, ankapita kukatereka tiyi.

Kumudzi adasiya mkazi wake Pemphero ndi mwana wawo wamkazi Cacilda, amene adali atangoyamba kumene sukulu. Pemphero adali wa ku Limbuli, mbali ya Malawi, ndipo ankagulitsa zitenje pamsika wa Milange. Nyanja yamchere adali asanaionepo. Zithunzi za pafoni ankangoziyang'ana pang'ono n'kubweza, ati zikumupatsa chizungulire. Chimene sichinkamulowa m'mutu mpang'ono pomwe ndi nkhani ya nangula. Dércio akabwera kutchuthi ankamulongosolera, kumujambulira pansi ndi kamtengo, koma Pemphero ankangopukusa mutu.

"Ndiye simumangirira kumtengo kapena kuchipilala? Kachitsulo kamodzi pansi pa madzi, inu osakaona n'komwe, n'kugona tulo? Ine, bambo a Cacilda, sindingatseke ngakhale diso limodzi."

Chaka cha namondwe wa Fredi, botilo lidayenera kukhala litasungidwa kale mvula isanafike pachimake, koma injini idawavuta ku Angoche ndipo chitsulo chimene ankadikira chidachedwa. Namondweyo atawomba kummwera kwa dziko n'kubwerera m'nyanja, adaganiza kuti zatha, nanyamuka kulowera ku Quelimane. Ali pafupi ndi Pebane, wailesi idanena kuti chimphepocho chatembenuka, ndipo ulendo uno chikulunjika gombe la Zambezia. Dona Deolinda adati kuthamangira kudoko n'kudzipereka, chifukwa kumeneko maboti amaphwanyana okhaokha. Adati alowe mumtsinje, akabisale m'kakhwawa ka pakati pa mangale, mitengo ija yomera m'matope a madzi amchere.

Asanalowe, Dércio adayimbira Pemphero. Adamuuza kuti kumene akupitako foni sigwira, asadandaule akapanda kumumva. Pemphero adati ku Milange kwangochita mitambo, ndipo Cacilda wagwa dzino lakutsogolo, akukana kuseka pagulu. Adafunsa ngati mitengoyo ndi yaikulu, ngati ulendo uno amangirira ndithu. Dércio adamutsimikizira kuti amangirira mbali zonse. Apo Pemphero adamveka ngati mtima wakhalako pansi, nati akapemphera, kenako wina adabwera kudzagula chitenje ndipo adadula foni.

Adalowa madzi akudzaza, Dércio ali kutsogolo ndi nsungwi yoyezera kuya. M'kakhwawamo adapezamo asodzi atabisa kale ngalawa zawo. Adatsitsa matanga onse n'kuwalowetsa m'kati, nachotsa chilichonse chimene mphepo ikadagwira. Nangula wamkulu adamuponya kumene mphepo inkayembekezeka kuchokera, wamng'ono kumbuyo. Kenako Dércio adatsika ndi zingwe, matope akumulekeza m'ntchafu, udzudzu uli ng'waa, nazimanga kumizu ya mangale, malo opekesana akukulunga ndi zidutswa za paipi yakale. Pomaliza manja ake adali atang'ambika ndi zigoba za nkhono zomata pamizuyo.

Mphepo idayamba masana, ndipo sidaleke mpaka tsiku linzake. Mvula inkabwera chopingasa, yobaya ngati mchenga, moti potuluka panja Dércio ankavala magalasi osambirira n'kumakwawa ndi mimba. Chingwe chimodzi chidaduka ndi phokoso ngati la mfuti, boti lidapendekeka mpaka mbale zonse kugwa m'kabati. Ngalawa ina ya asodzi idaduka pamene idamangidwa n'kuwadutsa pafupi yopanda munthu. Nthawi ndi nthawi ankakwawira kutsogolo kukagwira unyolo ndi dzanja. Udali wouma ngati mtengo, koma sunkanjenjemera. Nangula adali atazama m'matope, adagwira.

Kutachita bata, mangale onse adali mbuu opanda tsamba. Dona Deolinda adakhala pansi m'botimo nalira, kenako nayamba kuseka, naphika mpunga ndi nsomba za m'chitini. Dércio adadya mbale ziwiri. Mumtima adali akukonza kale mmene akamufotokozere Pemphero, poyambira pake, pamene akamuopseze pang'ono, ndi pamene akamuseke kuti kachitsulo kake kaja kapulumutsa anthu awiri. Za ku Milange sadade nazo nkhawa. Namondwe adali wa kunyanja, ndipo adali atapita.

Madzi a mumtsinje adatenga nthawi kuti achepe ukali, ndiye adadikira. Atatha kupalasa kabwato kakang'ono mpaka ku Pebane, adapeza mitengo ya kokonati ili lambalamba, magetsi kulibe, anthu ataunjikana pachitunda china pamene foni inkagwirako apo ndi apo. Ya Pemphero sinkalowa. Mayi Armanda adalibe foni. Adayesa ya mlamu wake Yotam, mchimwene wa Pemphero, amene adali ndi golosale ku Limbuli. Idaitana nthawi yaitali.

"Ndi Dércio, alamu. Tapulumuka, tili bwino. Muwauze mayi a Cacilda."

Chapatali m'foni muja ankamva amayi akuyimba nyimbo ya kutchalitchi.

"Muli moyo," adatero Yotam, osati mofunsa. "Bwerani kuno, alamu. Musachedwe."

Dércio adafunsa ngati ndi mayi ake, ngati ndi mwana, koma foni idaduka, ndipo sidalowenso.

Dona Deolinda sadamufunse zambiri. Adamulongedzera okha chikwama, nati boti alisiye, asodzi awathandiza. Ulendo wake udali wodukaduka. Pena adakwera lole, pena njinga yamoto, pena adawoloka wapansi pamene msewu udadyeka, katundu ali pamutu. Atadutsa Mocuba adayamba kuona minda itagona, chimanga chitakwiririka ndi mchenga. Atayandikira Milange adaona phiri la Mulanje kutsidyako lili ndi mikwingwirima yofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamene nthaka idagumuka. Apo m'pamene adadziwa kuti namondwe uja atawasiya iwo sadathe, adangosamukira kumtunda n'kukatsanulira madzi ake kumapiri.

Kunyumba kwake adapeza chitseko chokhoma. Kwa mayi ake adapeza amayi a mpingo atakhala pamphasa, Cacilda ali pamiyendo pa agogo ake. Mwanayo adamuyang'ana osanyamuka. Mayi Armanda adamukhazika pansi, namuuza m'Chilomwe, chinenero chimene ankayankhula zinthu zikafika povuta. Adati mvula idagwa osalekeza, magetsi adazima, ndipo m'mawa wina Pemphero adabwera kudzasiya mwana, nati akupita ku Limbuli abwera masana. Pobwerera adadzera njira yachidule ya amalonda, pakamlatho ka mitengo. Wonyamula katundu wina amene adali kumbuyo kwake adati adamva kulindima ngati malole ambiri, kenako madzi adatulukira ndi miyala ndi mitengo yathunthu, ndipo kamlatho, Pemphero ndi mayi wina amene adali naye sadaonekenso. Thupi lidali lisanapezeke. Dércio atafunsa chimene adapitira ku Limbuli mvula ili choncho, mayi ake adayang'ana kumbali, nati mwina za katundu wake wa pamsika.

M'mawa mwake adayamba kusaka. Amuna a mbali zonse ziwiri za malire ankatsika m'mbali mwa Muloza mpaka kukalowa mu Ruo, ndi makasu ndi nsungwi, akufukula paliponse pamene pankamveka fungo kapena pozungulira ntchentche. Dércio, poti ndiye ankatha kusambira ndi kumanga zingwe, ndiye ankalowa m'maiwe ndi pansi pa milu ya zinyalala zokodwa m'mitengo. Adatulutsa mbuzi, chitseko, njinga yopindika. Adatulutsanso mitembo ya mwana wamwamuna wa eni ake ndi mkulu wina wa ku Muloza, anthu awo nabwera kudzawatenga akumuthokoza. Iye ankangogwedeza mutu n'kulowanso m'madzi.

Yotam adali nawo tsiku lililonse, koma sankamuyankhula. Adali munthu wonenepa, wozolowera kukhala pakauntala, ndipo mapazi ake adatupa ndi kuyendako, koma sadajombe. Masana ena atakhala pamchenga watsopano umene udakwirira dimba la munthu, awiriwiri, anzawo atapita patsogolo, Dércio adamufunsa ngati Pemphero adafikadi kugolosale tsiku lija, ndi katundu wanji amene adadzatenga.

"Katundu wanji? Mayi anu sanakuuzeni?" Yotam adayankhula akuyang'ana madzi. "Anthu ankanena kuti Quelimane yatha, maboti onse amira. Kwanu ku Milange foni sinkagwira. Wina anamuuza kuti kwathu ikugwirako, ndiye anabwera atanyowa yense kudzakuyimbirani. Anaima pakhonde panga akuyimba, akuyimba, mpaka batire kutha. Amafuna angomva ngati muli moyo."

Dércio adamva ngati mchengawo ukutsetsereka pansi pake.

"Ndinamuuza kuti agone," Yotam adapitiriza. "Anati mwana wamusiya kutsidya. Ndinali ndi makasitomala ofuna makandulo. Sindinamuperekeze n'komwe."

Adakhala pamenepo osayang'anana mpaka anzawo adawakuwira kuti apeza china. Idali nkhumba.

Patapita masabata, anthu adayamba kubwerera kuminda kukapulumutsa zotsala, gulu losaka lidachepa mpaka kutsala iwo awiri. Akuluakulu a mpingo ndi a banja adakhala pansi nagwirizana kuti maliro sangakhale osatsekedwa mpaka kalekale. Dércio adapempha kuti amupatseko nthawi afike kumunsi kwenikweni kwa Ruo, koma mayi ake adamugwira dzanja, namuuza kuti ayang'ane miyendo yake, imene idali zilonda zokhazokha. Akuluakuluwo adadula thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, nalikulunga m'chitenje chimene Pemphero ankakonda kuvala Lamulungu, naliika m'bokosi. Adakaika ku Limbuli, kumanda a kwawo. Ponyamula, Dércio adamva kupepuka kwa bokosilo paphewa, ndipo pamenepo m'pamene adalira koyamba, moti ena adachita kumulandira. Cacilda adafunsa agogo ake mokweza ngati amayi ake alidi m'menemo, ndipo agogowo adangomukokera pafupi.

Mwambo utatha, a kuchikazi adaitanitsa zokambirana. Yotam, monga mwini mbumba, adati mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo akhala ku Limbuli ndi iye ndi mkazi wake Grace, aphunzire limodzi ndi ana awo. Adati sakunena mwachipongwe, koma bambo wake amakhala pamadzi, ndipo agogo ake akula. Dércio adati pamadzipo sabwererapo. Yotam adati zimenezo n'zolankhula munthu ali pachisoni, chaka chamawa zidzakhala zina. Ena a kwa Dércio adamunong'oneza kuti akhoza kukadandaula kuboma, mwanayo adabadwira ku Mozambique. Iye adayang'ana panja. Cacilda adali atatsamira pamsana pa Grace, amene ankamumasula tsitsi, ndipo aka kadali koyamba kumuona atafatsa chibwerere iye. Adavomera. Adangopempha kuti asamamuletse kudzamuona, Yotam nati khomo ndi lotsekula.

Mwezi wotsatira dona Deolinda adatulukira ku Milange pa chapa, minibasi ya kumeneko, atanyamula thumba la mpunga ndi mchere. Adachita kufunsira njira pamsika. Adakhala pamphasa ndi mayi Armanda, wina osamva chinenero cha mnzake, atangogwirana manja. Kenako adamuuza Dércio kuti boti lili ku Quelimane. Nangula wamkulu adazama kwambiri moti adachita kumanga unyolo madzi ataphwa n'kudikira kuti akamadzaza boti limuzule lokha, ndipo ngakhale apo adatuluka atapindika. Sadamufunse ngati abwerera. Dércio adanena yekha kuti sangathe, ndipo mayiwo adati akudziwa, sadabwerere zimenezo. Adati nawonso mwina afika pomvera ana awo. Adagona kwa mayi Armanda, m'mawa mwake Dércio nawaperekeza pokwerera. Chapa itanyamuka adaona kamutu ka imvi kaja pawindo mpaka pokhota, ndipo sadaonanenso.

Nyumba yake sadathe kugonamo. Adaibwereketsa kwa mphunzitsi wina, iye nabwerera kwa mayi ake. Adagula njinga yolimba, naiwotcherera kaliyala wachitsulo, nayamba kunyamula matumba a chimanga ndi nandolo a amalonda kuchoka ku Milange kupita ku Limbuli. Ntchitoyo ndi yothyola msana, ndipo anzake ankadabwa kuti makaniko wathunthu akulimbirana matumba ndi iwo. Iye ankangoonetsetsa kuti ulendo wake womaliza uzimufikitsa ku Limbuli ana akuweruka.

Poyamba Cacilda ankati akangomuona n'kuthamanga, kumukwera pamsana thukuta lili chuchuchu, n'kumulirira kuti apite naye. Ankamugulira mandasi, n'kukhala naye pakhonde la golosale mpaka dzuwa kupendeka, Yotam ali m'kati akugulitsa. Pang'onopang'ono kulirako kudatha. Chipwitikizi chimene ankachidziwa chidayamba kumuthawa, akamufunsa za escola ankamukonza kuti ndi sukulu. Mwanayo ankamutcha Grace kuti amayi.

Tsiku lina chaka chitatembenuka, Dércio adafika natsamiritsa njinga pamtengo wa mango. Cacilda adali kuseri kwa golosale akusewera fulaye ndi asuweni ake, ali pakati, akuzinda mpira, akuseka. Adamuona, namukwezera dzanja.

"Papa, dikirani, ndisanafe!"

Adadikira. Mwanayo adali waliwiro, mpira sunkamukhudza, ndipo masewerawo adapitirira. Dércio adaima pamenepo ndi kapepala ka mandasi m'manja, osadziwa ngati chimene akumva ndi chisoni kapena kuthokoza. Mithunzi itatalika adapereka mandasiwo kwa Grace kuti akamupatse akatha, namanga matumba opanda kanthu pakaliyala, nayamba kupalasa kubwerera ku Milange chipata cha pamalire chisanatsekedwe.